Mbiya Zakuda za ku San Ildefonso

Kuno kunyanja mtsuko ndi wosungira madzi basi, ndipo ukasweka mapale ake timataya kudzala. Koma ku New Mexico, m'dziko la America, kuli eni nthaka otchedwa Pueblo amene mbiya zawo zimasungidwa m'makabati a anthu achuma, osathiramo ngakhale dontho la madzi.

Amayi athu sangadabwe ndi kaumbidwe kake. Palibe makina. Amapota dongo ngati chingwe ndi kulisanja mozungulira mpaka mbiya itakwera. Ikauma amaipaka dongo lamadzimadzi ndi kuikwecha ndi kamwala kosalala kufikira itawala. Chojambulira amapanga ndi tsamba la yucca, chomera chofanana ndi khonje.

Dzina lomveka pa ntchitoyi ndi la mayi Maria Martinez a m'mudzi wa San Ildefonso, amene anamwalira m'chaka cha 1980. Cha m'ma 1919, iwo ndi amuna awo a Julian anatulukira njira yojambula zakuda pa mbiya yakuda. Mayi ankaumba ndi kukwecha, bambo n'kumajambula ndi dongo losawala. Pootcha, moto ukafika pachimake, ankaufotsera ndi ndowe zouma. Utsi wosowa potulukira unkadetsa mbiya yonse, koma pokwecha paja pankanyezimira pamene pojambula pankakhala mbuu. Pambuyo pake Maria anayamba kulemba dzina lake kunsi kwa mbiya, ndipo ogula anayamba kufunafuna dzinalo. Msika waukulu wa ntchito zamanja za anthuwa mu mzinda wa Santa Fe unayamba mu 1922.

Pamene pali ndalama, achinyengo sasowa. Ena anayamba kugulitsa katundu wopangidwa kwina ponama kuti ndi wa eni nthaka, mpaka mu 1990 boma la America linakhwimitsa lamulo loletsa bodza limeneli. Ife sitingadabwe nalo lamuloli, pakuti Mtumiki (SAW) analetsa kale chinyengo pa malonda. Wonama wotere amabera awiri: wogula, ndi mayi amene watha nthawi yaitali akukwecha mbiya imodzi.

Mawu amodzi kwa Msilamu amene angakumane nazo. Mbiya zina za ku San Ildefonso zili ndi chithunzi cha njoka ya m'madzi yotchedwa avanyu, ya m'chikhulupiriro chawo, ndipo ine sindingaiike pabalaza panga. Koma za m'mudzi wa Acoma zilipo zambiri zojambulidwa mizere yokhayokha, yopyapyala ngati ulusi, yolembedwa ndi dzanja popanda rula.