Nduna Zoyamba za Malawi: Bungwe la Miyezi Iwiri Yokha

Tonse tidziwa kuti dziko lathu linalandira ufulu wodzilamulira pa 6 July, 1964. Koma ndi owerengeka amene adziwa kuti bungwe la nduna limene linalandira ufuluwo linapasuka patangopita miyezi iwiri yokha. Tsono m'nkhani ino ndifuna kufotokoza chimene chinalipasula ndi zimene zinatsatira, pakuti zina mwa zotsatirazo zinafika mpaka kuno kumapiri a kwathu.

Poyamba timvetse kuti bungwe la nduna, kapena kuti kabineti, nchiyani. Ndi kagulu ka aphungu a Nyumba ya Malamulo, yense ndi chigawo chake cha ntchito za Boma, ndipo mkulu wao ndiye Nduna Yaikulu. Mwa dongosolo limene tinatengera kwa Angerezi, nkhani zazikulu ayenera kuzikambirana onse nagwirizana chimodzi, monga ichitira mfumu ndi madoda ake pabwalo la milandu.

Nduna Yaikulu anali Dr. H. Kamuzu Banda. Pambali pake panali Orton Chirwa wa zachilungamo, yemwe anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959 pamene Dr. Banda anali m'ndende ku Gwelo. Panalinso Henry Masauko Chipembere wa zamaphunziro ndi Kanyama Chiume woona za maiko akunja, anthu awiri amene analimbikira kumuitana Dr. Banda kuti abwerere kumudzi mu 1958. Ena anali Yatuta Chisiza, Augustine Bwanausi, Willie Chokani, John Msonthi, John Tembo, ndi Mzungu mmodzi, Colin Cameron. Cameron ndiye anayamba kuchoka, patangopita masabata owerengeka, chifukwa sanavomereze kuti anthu azitsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu.

Nanga madandaulo a nduna zotsalazo anali otani? Loyamba linali la tiki, ndiye kuti makobidi atatu, imene odwala anauzidwa kuti azilipira pachipatala cha Boma. Kwa munthu wa kumudzi ndalama imeneyi sinali yochepa. Lachiwiri linali lakuti maudindo akuluakulu m'Boma anakhalabe m'manja mwa Azungu, ndipo lipoti la Skinner linasiya malipiro a antchito achikuda ali pansi. Lachitatu linali ubwenzi wa Dr. Banda ndi Apwitikizi amene anali kulamulirabe Mozambique, ndi kukana kwake kupalana ubwenzi ndi dziko la China. Koma muzu wa zonsezi unali umodzi: Dr. Banda anali kugamula nkhani zambiri yekha, ndipo pamisonkhano anali kuzitchula ndunazo kuti anyamata ake. Iye naye anali ndi mfundo zake. Anati dziko losauka, lopanda doko, limene katundu wake adzera pa Beira, silingayambane ndi eni njanji, ndi kuti munthu sapatsidwa udindo asanauphunzire.

Pa 26 August ndunazo zinamuuza madandaulo ao pamaso, ndipo pambuyo pake zinawalemba m'kalata imene itchedwa ndi dzina la Kuchawe, malo a paphiri la Zomba. Pa 7 September Dr. Banda anachotsa Chirwa, Chiume ndi Bwanausi, pamodzi ndi Mai Rose Chibambo, amene anali wothandiza nduna. Chisiza, Chokani ndi Msonthi anatula pansi maudindo ao, ngakhale Msonthi anabwereranso msanga. Chipembere anali ku Canada, ndipo atafika anatsata anzake. Pa 8 ndi 9 September Nyumba ya Malamulo inakambirana nkhaniyi, nivomereza kuti ikhulupirirabe Dr. Banda. Motero bungwe loyamba lija linatha.

Mkangano sunathere m'Nyumbamo. Kumapeto kwa September antchito a Boma okonda ndunazo anamenyana ndi anyamata a chipani ku Zomba. Nduna zambiri zinathawira ku Zambia ndi ku Tanzania. Mu February, 1965, Chipembere ndi anthu ake analanda boma la Fort Johnston, limene tsopano ndi Mangochi, nauyamba ulendo wa ku Zomba. Koma atafika pa Liwonde anapeza pantoni ili kutsidya lina la Shire, ndipo ulendo unathera pomwepo. Iye anamwalira ku America mu 1975. Yatuta Chisiza analowa m'dziko ndi kagulu ka mfuti mu October, 1967, naphedwa cha ku Mwanza. Orton Chirwa anagwidwa pamodzi ndi mkazi wake Vera mu 1981, nafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Chinthu china chomvetsa chisoni ndi ichi. Popeza ambiri a nduna zochotsedwazo anali a Kumpoto ndi Kummwera, ndipo Dr. Banda anali wa ku Kasungu, anthu anayamba kuganizirana molingana ndi zigawo zochokera, ngakhale madandaulo aja sanali a chigawo chimodzi. Tiki inali kupweteka mayi wa ku Malomo monga inali kupwetekera mayi wa ku Karonga.

Ife a kuno tisaganize kuti izi zinali za ku Zomba kokha. Pa Dzaleka, m'boma la Dowa loyandikana nafe, panali ndende imene munatsekeredwa anthu ambiri oganiziridwa kuti anali kumbali ya nduna zija, ndipo ochuluka a iwo sanaimepo pamaso pa woweruza. Chimene Cameron anakana chija chinachitikira pakhomo pathu. Malo omwewo anasandutsidwa msasa wa anthu othawa nkhondo mu 1994.

Bungwe lija litapasuka, panalibenso wokhoza kunena kuti iai. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi mwa lamulo, mu 1971 Dr. Banda anakhala Pulezidenti wa muyaya, ndipo anthu sanaloledwe kusankha pakati pa zipani kufikira atavota pa 14 June, 1993. Dzina la Mai Chibambo, limene linali loopsa kulitchula, linabwezeredwa ulemu mu 2012 pamene nkhope yao inaikidwa pa ndalama ya K200.

Tsono anzanga, ena mwa ife tidzakhala m'mabungwe, kaya a mudzi, a mpingo kapena a Boma. Tikumbukire kuti amuna ndi mai amenewa anamenyera limodzi ufulu, nagonjetsa Chitaganya, koma analephera kugwirizana za mmene mkulu angamverere omtsutsa. Wokutsutsa pabwalo si mdani ai. Ndiye amene akuthandiza kuona pamene denga lidontha. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo dziko lathu linatenga zaka 30 kuti liphunzirenso mau amenewa.