Mlandu wa Malasha ku Lamu ndi Masiku 60

Mwezi uno tifuna kukusimbirani za anthu a ku Lamu, m'mphepete mwa nyanja ya mchere m'dziko la Kenya, ndi umo anaimitsira ntchito yaikulu pakuwerenga bwino masiku.

M'mwezi wa September 2016, bungwe la Boma losunga chilengedwe, lochedwa NEMA, linapatsa kampani ya Amu Power kalata ya chilolezo, kuti imange nyumba yopangira magetsi pakutentha malasha. Eni dziko, amene ambiri a iwo adya za m'nyanja, anagwidwa ndi mantha: pakuti madzi otentha ochokera m'makina akadathira kumene nsomba ziswana, ndipo utsi ndi phulusa zikadagwera pa minda yao.

Tsono lamulo la ku Kenya la chaka cha 1999 litero kuti wodandaula ndi chilolezo chotere afike nalo dandaulo lake ku bwalo la mirandu ya chilengedwe asanathe masiku 60. Taonani, imeneyi ndi miyezi iwiri yokha. Chimanga chobzalidwa tsiku lomwelo chikhala chisanakhwime. Ndipo masikuwo sadikira kuti mbiri ifike kumudzi, kapena kuti anthu asonkhe ndalama za loya. Munthu akachedwa, ngakhale mlandu wake uli wolungama, oweruza angathe kuubweza osamva ndi liu limodzi lomwe. Chifukwa chake chiripo ndithu: amene walandira chilolezo ayenera kudziwa tsiku loyamba kumanga wopanda nkhawa. Koma ife tiyesa kuti kwa anthu a kumudzi nthawi yotere ichepa.

A ku Lamu sanagone. Gulu lao lochedwa Save Lamu linapereka dandaulo m'mwezi wa November chaka chomwecho, masiku ali pafupi kutha. Mlandu unakhalitsa, kufikira pa 26 June 2019 pamene bwalo linafafaniza chilolezocho, liti anthu sanafunsidwe mokwanira, ndiponso kafukufuku wa zoopsa za ntchitoyo anali wopereŵera.

Kuno ku Malawi tiri nalo bungwe lotere, la MEPA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la chaka cha 2017. Amene afuna kuti Bwalo Lalikulu liunikenso chimene ofesi ya Boma yagamula, ayenera kupitako msanga, isanapite miyezi 3. Wochedwa ayamba wapempha chifundo cha woweruza, ndipo sikuti aliyense achilandira. Chotero mukamva kuti mgodi kapena fakitale yaloledwa pafupi ndi mtsinje wanu, musayambe ndi misonkhano yosatha. Tumani munthu ku ofesi ya Bwanamkubwa akafunse tsiku limene kalatayo inasainidwa, alilembe pa pepala, ndipo a mfumu ndi akuluakulu ayambire pamenepo kuwerenga.