KABOKOSI KOTSANZIRA AMPLIFAYA: MALANGIZO KWA OIMBA GITALA

Magulu ambiri a nyimbo m'chigwa cha Domasi, kuyambira ku Songani kufikira ku Malosa, ali ndi gitala ya magetsi. Amaimba m'matchalitchi, pa maukwati ndi pa masiku otsekera sukulu. Chowavuta chachikulu ndi amplifaya, pakuti ndi yolemera kunyamula pa njinga ndiponso mtengo wake ngwokwera. Chifukwa cha ichi oimba a m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito kabokosi koponda ndi phazi kamene pa Chingerezi amakatcha amp modeler. Ndalama zogulira zipangizo zotere kawirikawiri zimakhala zosonkha, za kwaya kapena za sukulu, chotero nkoyenera kuti akulu a mpingo ndi aphunzitsi adziwe m'mene kabokosika kamagwirira ntchito asanatulutse ndalama.

KABOKOSIKA NKOTANI?

M'kati mwake muli kompyuta yaing'ono. Ntchito yake ndiyo kutsanzira mawu a maamplifaya otchuka, monga Fender Twin Reverb, Vox AC30 ndi Marshall, pamodzi ndi mawu a masipika awo. Kampani ya Line 6 ya ku America ndiyo inawanditsa zipangizozi pamene inatulutsa kabokosi kofiira kotchedwa POD m'chaka cha 1998. Pambuyo pake kunadza Kemper ya ku Germany mu 2011 ndi Helix mu 2015, koma izi nzodula kwambiri. Zotsikirapo mtengo ndi zina za Zoom ndi Boss za ku Japan.

Chachikulu chofunika kukumbukira ndi ichi: kabokosika pakokha sikamveka. Iko kamangokonza mawu, koma owakuza ndi amplifaya kapena mikisa ndi masipika a gulu. Munthu wogula kabokosi asanadziwe kumene adzakalumikiza ali ngati msodzi wa ku Chilwa wogula ukonde alibe bwato.

POGULA

Choyamba ndi magetsi. Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230, koma a ku America ndi a 120. Wogula awerenge zolembedwa pa adaputa. Akapeza 100-240V, palibe chovuta. Timabokosi tambiri tating'ono timafuna mavoti 9, ndipo pali kachithunzi kosonyeza mbali ya + ndi ya -. Adaputa ya wailesi kapena ya chipangizo china ingathe kulowa bwino pa bowo, koma nkuotcha kabokosi nthawi yomweyo.

Chachiwiri, kumene magetsi sanafike kapena amazimazima nkwabwino kusankha kabokosi koyendera mabatire. Mwachitsanzo, Zoom G1 Four imayenda ndi mabatire anayi a AA.

Chachitatu, wogula apite ndi gitala yake ku sitolo, makamaka ngati katunduyo anagwirapo kale ntchito. Aponde batani lililonse, apotokole kasinthiro kalikonse, ndipo agwedeze nthambo pa bowo lake. Mawu akamadukaduka, asagule.

Chachinayi, asatengeke ndi kuchuluka kwa mawu olembedwa pa katoni. Nyimbo zokondedwa kuno, monga za Alleluya Band ya ku Balaka ndi za sungura za ku Zimbabwe, zimafuna gitala yomveka mbee, nsambo iliyonse payokha. Kabokosi kotsanzira bwino Fender kapena Roland JC-120 nkokwanira.

POLUMIKIZA

Apa mpamene ambiri amalakwa. M'kabokosi muli mbali yotsanzira sipika ya gitala, imene nthawi zambiri ilembedwa CAB. Ngati nthambo ikupita ku mikisa ndi ku masipika akulu a gulu, mbali imeneyi iyatsidwe. Ikapanda kuyatsidwa mawu amalasa m'makutu. Koma ngati ikupita ku amplifaya ya gitala, izimitsidwe, pakuti sipika yeniyeni ilipo kale. Ikasiyidwa yoyaka, gitala imamveka ngati yafunditsidwa bulangete.

Nthambo wamba ya gitala ikapitirira mamita 6 imayamba kutaya mawu ndi kutola phokoso. Mikisa ikakhala patali, pafunika kabokosi kena kotchedwa DI pamodzi ndi nthambo ya maikolofoni. Kulira kwa "mmm" kumachepanso ngati kabokosi ndi mikisa zitenga magetsi pa soketi imodzi.

Woimba ayeneranso kudzimva yekha. Popeza palibe amplifaya kumbuyo kwake, sipika imodzi iikidwe pansi moyang'ana iyeyo.

KUKONZA MAWU

Mawu okonzedwa usiku kunyumba ndi zomvera za m'makutu amasinthika akafika pa bwalo, chifukwa khutu la munthu limamva kwambiri mawu a besi ndi osongoka pamene phokoso lakula. Tsono mawu akonzedwe pa malo oimbirapo, gulu lonse likuimba. Tchalitchi cha njerwa ndi malata chimabweza mawu chokha, chotero reverb ichepetsedwe. Mitundu itatu ya mawu njokwanira: woperekezera nyimbo, wotsogolera, ndi wofatsa wa nyimbo za mapemphero. Yonse itatu ikhale yolingana kukula kwake, kuopa kudzidzimutsa anthu posintha, ndipo manambala ake alembedwe m'kope.

KASAMALIDWE

Poyatsa, masipika akhale omalizira. Pozimitsa, akhale oyambirira. Magetsi akazima, pulagi izulidwe msanga, pakuti pobwera nthawi zina amadza ndi mphamvu yoposa muyeso. Jenereta iyambe yalira bwino zipangizo zisanalumikizidwe. M'nyengo ya mvula, kuyambira November kufikira April, ziphaliwali zimachuluka m'tsinde mwa mapiri a Zomba ndi Malosa, ndipo chipangizo chisagone chili cholumikizidwa. M'chilimwe mdani ndi fumbi, tsono kabokosi kasungidwe m'thumba la nsalu.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Gulu lofuna kugula liyambe laona masipika ndi magetsi amene lili nawo, libwereke kabokosi kwa anzawo nkukayesa pa malo pake, ndipo pambuyo pake msungichuma atulutse ndalama.