Tisamaseke chimphona, tizichiperekeza kuchipatala

Tsiku lina ndili pamsika ndidaona chikhamu cha anthu chitaunjirira mnyamata wamtali modabwitsa. Ena ankamuseka, ena ankanong'onezana kuti ameneyu adamuchita chipongwe ndi mankhwala. Ine mtima udandiwawa, chifukwa ndidakumbukira nkhani ya Charles Byrne.

Byrne adabadwa mu 1761 kumpoto kwa Ireland. Adatalika mpaka mamita 2.3, moti ankadya za kutalika kwakeko podzionetsa kwa anthu mumzinda wa London. Adamwalira mu 1783 ali ndi zaka 22 zokha. Podziwa kuti madokotala ankalilakalaka thupi lake, adapempha anzake kuti akadzafa adzamuponye m'nyanja. Koma dokotala John Hunter adachenjera mpaka adaupeza mtembowo. Mafupa ake anthu adawaonerera kwa zaka pafupifupi 200 ku Hunterian Museum, ndipo mu 2023 eni malowa adalengeza kuti sadzawaikanso poyera.

Nanga chidamutalikitsa nchiyani? Mu 1909 dokotala wa ku America, Harvey Cushing, adapima chigaza cha Byrne napeza kuti adali ndi chotupa pa kachiwalo kotchedwa pituitary. Kachiwaloka kali kunsi kwa ubongo, nkakang'ono ngati nsawawa, koma ndiko kamatulutsa mahomoni olamula kakulidwe ka thupi. Chotupa chikamera pamenepo, mahomoni amatha kutuluka mopyola muyeso. Zikachitika mwana akukula, amangotalika osaleka. Zikachitika kwa wamkulu, manja, mapazi ndi chibwano ndizo zimakula, matenda omwe madokotala amati acromegaly.

Gwero lake lili mu DNA, malangizo amene thupi limatsata, omwe timalandira kwa makolo. Chigawo chilichonse cha malangizowa amachitcha gene. Chonde musasokoneze ndi majini a kwa asing'anga, abale anga!

Nthawi zambiri gene imalakwika m'chotupa momwemo ndipo ana satengera. Mwachitsanzo, pa zotupa 10 zilizonse zotulutsa homoni yokulitsa thupi, pafupifupi 4 zimakhala ndi vuto pa gene yotchedwa GNAS. Koma mu 2006 akatswiri a ku Finland adapeza kuti vuto pa gene ina, AIP, limayenda m'magazi a banja.

Apa mpomwe Byrne adalankhula ali chigonere. Mu 2011 gulu lotsogozedwa ndi Márta Korbonits lidalengeza kuti DNA ya m'mano ake ili ndi vuto la AIP lomwelo limene lili m'mabanja anayi a ku Northern Ireland. Onsewa ndi Byrne adachokera kwa kholo limodzi la zaka pafupifupi 1,500 zapitazo. Ambiri otengera vutoli sadwala ayi, koma kudziwa kumathandiza kuti ana awo azipimidwa msanga chotupa chisadakule.

Mwina mukuti za ku Ireland zikutikhudza bwanji ife? Zotupa za pituitary sizisankha mtundu. Inu ogulitsa nsapato za kaunjika, mukaona kasitomala wamkulumkulu akubwera chaka ndi chaka kufuna saizi yokulirapo, musangokondwa ndi ndalama. Mufunseni ngati mphete yayamba kumuthina, ngati mano akutalikirana, ngati mutu umamuwawa kosaleka, kapena ngati maso asiya kuona zam'mbali. Inunso ana asukulu, mnzanu amene akungotalika kuposa abale ake onse mpaka kumavutika kuona pabolodi, si wongoyenera timu ya mpira ayi.

Matendawa akalekereredwa amabweretsa shuga, kuthamanga kwa magazi, vuto la mtima ngakhalenso khungu. Komatu chithandizo chilipo: opaleshoni yodzera m'mphuno, mankhwala ochepetsa mahomoni, ngakhale kuwotcha chotupacho ndi makina.

Byrne anthu adamuonerera ali moyo, adamuonereranso atafa, koma wom'chiza padalibe chifukwa nzeruzi kudalibe. Ife tilibe chowiringula. Mnyamata uja wa pamsika ndidangomuyang'ana nkudutsa, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu. Paja akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.