Phwando la Mwana Liyezedwe pa Msinkhu wa Mwana

Makolo athu akale, amene sadali ndi kalendala pakhoma kapena buku la kusikelo m'chikwama, adali kudziwa msinkhu wa munthu pokumbukira zimene zidachitika pa kubadwa kwake, kotero kuti wina ankatchedwa wa chaka cha dzombe, wina wa njala ya 1949. Komabe tisayese kuti iwo sadali kukondwera ndi moyo wa khanda, pakuti pa tsiku lotulutsa mwana m'chikuta, mchombo utagwa, amayi aakulu a pamudzi adali kusonkhana, nammeta tsitsi lobadwa nalo, nampatsa dzina. Ngakhale Abrahamu, monga timva m'buku la Genesis, adakonza madyerero aakulu tsiku limene Isake adaleka kuyamwa. Ndipo chifukwa cha kuyamika chilipo ndithu, pakuti kafukufuku wa zaumoyo wa mu 1992 adapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo m'Malawi, 135 adali kumwalira asadakwanitse chaka, pamene wa mu 2015 ndi 2016 adapeza 42. Mayi amene wanyamula khanda kupita nalo kusikelo mwezi ndi mwezi, nadikira nalo usiku thupi litatentha, ali nako kuyenera konse kuyatsa kandulo imodzi ndi kuitana anansi mwanayo akakwanitsa chaka.

Koma ndiloleni ndisimbe zimene ndidaona ndi maso anga pa phwando lina la abale ku Lilongwe. Pabwalo padali tenti yaikulu, zokuzira mawu ziwiri zotalika ngati munthu, ndi keke yosanjikiza katatu yokhala ndi nkhope ya Mickey Mouse. Ndipo pamene mnyamata wovala chimutu cha mbewa yomweyo adatulukira kudzavina, mwini phwando, kamtsikana ka chaka chimodzi, kadakuwa kukuwa kwa munthu woona chilombo, nkukakamira chitenje cha agogo ake kufikira atakabereka kumbuyo, kumene kadagona tulo tofa nato. Nthawi yodula keke itakwana, ana okulirapo adapezeka kuseri kwa tenti akukokana m'katoni imene mudabwera zakumwa, ali kikiki kuseka. Pamenepo agogo aja, osakweza mawu, adafunsa kuti, "Ana inu, mwini phwando wagona, nanga mukuimbira yani?" Palibe adayankha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choyamba tsono wokonza phwando adziwe mlendo wake wolemekezeka. Mwana wa chaka chimodzi amaopa nkhope zachilendo, amatopa msanga ndi phokoso, ndipo a Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse amati wa msinkhu umenewu amafunika kugona maola 11 mpaka 14 pa tsiku, kuphatikizapo tulo ta masana. Ndiponso za tsikulo sadzakumbukira kanthu, popeza zikumbukiro za munthu zimayamba kukhazikika ali ndi zaka ngati zitatu. Chifukwa chake phwando liyambe mwana atadzuka ku tulo take ta masana, atayamwa nakhuta, ndipo lisapitirire maola awiri, kuti alendo aang'ono abwerere kwawo dzuwa lisadalowe ndi udzudzu usadayambe kulira. Nyengo nayo iganiziridwe: wobadwa mu Januwale afuna khonde kapena chipinda chothawiramo mvula, wa mu Okutobala afuna mthunzi wa mtengo ndi madzi akumwa ambiri, ndipo wa mu Julayi, makamaka ku Blantyre ndi ku Thyolo kumene chiperoni chimagwa osalonjera, afuna majuzi. Nkhanga zidapangana kusadache. Masabata atatu akwanira kupangana zonsezi popanda phuma.

Za mutu wa phwando, umene masiku ano wasanduka katundu wolemera pa mapewa a makolo, ine ndiona kuti uli ngati ulusi wa m'mikanda, umene ntchito yake ndiyo kugwirizanitsa zokongoletsa, chakudya ndi masewera, ndipo ulusi umodzi ukwanira. Amene afuna zidole za pa kanema, mabaluni a mitundu isanu ndi iwiri ndi nyama zonse za m'chingalawa cha Nowa pa tsiku limodzi akumbukire kuti ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Sitisowa mitu ya kwathu kuno. Wosankha nyanja ayale chitenje cha buluu pansi, adule nsomba m'makatoni akale nazipachika pa chingwe pamwamba posafika manja, aike dengu lalikulu likhale bwato lojambuliramo mwana chithunzi, ndipo wophika keke aiumbe ngati chambo. Wosankha nyama za ku Liwonde kapena ku Majete apangire ana makutu a njovu a pepala. Koma woposa yonse m'maso mwanga ndi mutu wa Kalulu, pakuti iyeyu abwera ndi nthano zake zomwe, pamodzi ndi Fisi, Kamba ndi Njovu, ndipo safuna ndalama ya munthu. Mwana wa zaka zinayi kapena zisanu afunsidwe yekha chimene mtima wake ufuna. Wa chaka chimodzi mumsankhire chimene amachilozera ndi chala tsiku ndi tsiku, ngakhale ikhale nkhuku ya pakhomo.

Pa chakudya mpamene chikondi chosadziwa chimapweteka. Makanda apatsidwe zofewa zimene adazolowera, monga nthochi yakupsa, papaya ndi mbatata yophika yonyenyanyenya, ndipo mayi woyamwitsa apatsidwe malo odekha. Uchi usalawitsidwe kwa khanda losakwana miyezi 12, chifukwa nthawi zina umakhala ndi tizilombo timene matumbo ake sangathe kulimbana nato. Mtedza wosasinja, mbuliwuli, maswiti olimba ndi mphesa zosadula, zimene akulu timaziyesa zazing'ono, zimatsamwitsa ana osakwana zaka zisanu, pakuti njira yawo ya mpweya njopapatiza ndipo mano otafunira sadakhwime. Zimenezi zikhale pa tebulo la akulu, kutali. Okulirapo akondwa ndi mandasi odula, zitumbuwa, mpunga wa Kilombero ndi nkhuku yochotsa mafupa, ndipo poitana alendo nkwanzeru kufunsa makolo ngati mwana wawo amadwala akadya mtedza, mazira kapena mkaka. Tidaphunzira ndi misozi pa mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 kuti manja osasamba ndiwo khomo la matenda. Chotero pakhale ndowa ya mpopi ndi sopo, wamkulu ataima pomwepo.

Tsono m'mawa wa tsikulo, zokongoletsa zonse zitatha, bambo kapena mayi achite chinthu chimene anansi angachiseke: agwade, akwawe pabwalo ponse monga akwawira mwana wake, naone dziko ndi maso a mwanayo. Pamenepo adzaona chitsekerero cha botolo pansi pa mpando, ndalama yachitsulo m'mphepete mwa mphasa, kabatire kozungulira ngati batani kotayika m'chidole, nthambo ya magetsi yolendewera, ndi nsalu ya patebulo imene kadzanja kangaikoke pamodzi ndi tiyi wotentha. Baluni ikaphulika zidutswa zake zitoledwe nthawi yomweyo, pakuti chidutswa chotere chikamata pakhosi chimatseka mpweya. Mbaula ikhale kuseri kwa mpanda, ndowa zonse zamadzi zivundikiridwe popeza mwana woyamba kuyenda amamira ngakhale m'madzi ochepa, ndipo geti litsekedwe kuti galimoto lobwerera m'mbuyo lisakumane ndi wothamangira mpira. Koposa zonse asankhidwe wamkulu mmodzi kapena awiri, osagawa chakudya ndi osagwira foni, amene ntchito yawo ndi maso okha. Pakuti pa khamu aliyense amayesa kuti mnzake akuyang'anira, chonsecho akale adatiuza kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Masewera agawidwe monga mwa misinkhu, okwawa akhale pa mphasa yawo ndi zikho ndi zipande zoti aziombanitsa, pamene othamanga achita chipako ndi chibisalirano, kapena aumba ng'ombe zadothi zoti apite nazo kwawo ngati mphatso. Akatopa, agogo akhale pampando nati "Padangokhala," ndipo mudzazizwa kuona ana a m'tauni, ozolowera kanema, akuyankha "Tilitonse" pakamwa pali yasa.

Za ndalama ndinene mwachidule. Mutu umodzi susenza denga: azakhali akazinge mandasi, amalume abwereke mphasa ndi mipando kwa anansi, msuweni wodziwa foni ajambule zithunzi. Koma kukatenga katapila kuti anthu a pa Facebook atame keke, mwana nkusowa phala mwezi wotsatira, ndiko kugulitsa ukulu ndi mbale ya mphodza monga adachitira Esau.

Kamtsikana ka ku Lilongwe kaja kadakwanitsa zaka ziwiri, ndipo ulendo uno padalibe tenti. Padali ana asanu ndi mmodzi pansi pa mtengo wa mango, makutu a kalulu ali pamutu, ndi keke yaing'ono yophika pakhomo. Titapemphera, agogo adayatsa makandulo awiri, nagwira manja a mdzukulu wawo kuti asafike pamoto. Ndipo iye, ali maso, adauzira katatu konse malovu ali thothotho, makandulo nkuzima.