Chopaka pa Buledi kwa Amene Aleka Zamkaka

Munthu akatsimikiza mumtima mwake kuleka kudya chilichonse chochokera ku nyama, kaya chifukwa cha chipembedzo, kaya cha thanzi, kaya cha chifundo pa zolengedwa zinzake, amatsanzikana ndi nkhuku, chambo ndi mazira, nayesa kuti ntchito yatha. Koma kukacha, tiyi atawira ndipo buledi ali m'mbale, ndi pamene amazindikira kuti mkaka wa ng'ombe unabisala ngakhale m'zinthu zimene sankazikayikira. Anthu a kadyedwe aka, amene bungwe lawo la Vegan Society linayambitsidwa ku England ndi a Donald Watson ndi anzawo m'chaka cha 1944, amakana nyama pamodzi ndi mkaka, mazira ndi uchi, kotero kuti batala, pokhala mafuta a mkaka, alibe malo pagome pawo.

Ambiri amathamangira ku majarini, poganiza kuti ameneyo ndi wa zomera zokhazokha kuyambira pachiyambi, pamene mbiri yake ikunena zina. Mfumu Napoleon III ya ku France itafuna chinthu chotsika mtengo choti asilikali ndi amphawi azidya m'malo mwa batala, katswiri wina dzina lake Hippolyte Mège-Mouriès anapanga majarini woyamba mu 1869, ndipo anamupanga ndi mafuta a ng'ombe osakaniza ndi mkaka. Lero mafuta a ng'ombewo analowedwa m'malo ndi a soya, a mpendadzuwa ndi a kanjedza, komabe opanga ambiri amathiramo madzi otsala a mkaka kapena zina zochokera ku mkaka kuti fungo likome, ndipo pachikuto amazilemba kuti whey, buttermilk kapena casein, m'zilembo zazing'ono zimene wogula wofulumira saziwerenga. Ngakhale vitamini D3 amene amawonjezeramo nthawi zambiri amatengedwa ku mafuta a ubweya wa nkhosa. Chithunzi cha duwa la mpendadzuwa pachivundikiro chisamunyenge munthu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo mndandanda wa zosakaniza umene uli kumbuyo ndiwo mboni yokhayo yodalirika.

Tsono sikuti chilichonse chopanda mkaka ndi chokomera mtima wa munthu, ndipo apa ndi pamene ndikufuna owerenga adekhe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Wilhelm Normann wa ku Germany anapeza njira youmitsa mafuta amadzi kuti agwirane, ndipo kwa zaka zambirimbiri dziko linadya mafuta otere mosakayika, kufikira madokotala ataona kuti akaumitsidwa mosamaliza amabala mafuta otchedwa trans, amene amatseka mitsempha ya magazi koposa batala yemwe anthu ankamuthawayo. Dziko la Denmark linawaikira malire mu 2003, South Africa inatsatira mu 2011, ndipo bungwe la World Health Organization linapempha maiko onse mu 2018 kuti awachotse m'zakudya. Wogula akaona mawu akuti partially hydrogenated, abwezere chinthucho pashelefu pomwe wachitenga. Opanga ambiri tsopano amaumitsa majarini ndi mafuta a kokonati kapena a kanjedza, amtundu wa mawese amene abale athu a ku Karonga amaphikira. Amenewa ndi olimba mwachibadwa, koma a kanjedza ali ndi mafuta okhuthala pafupifupi theka, ndipo a kokonati amaposa 80 pa 100 alionse, kupambana batala weniweni. Palinso nkhalango za ku Indonesia ndi Malaysia zimene zagwetsedwa kuti kanjedzayo abzalidwe, nkhani imene munthu woleka mkaka chifukwa chokonda chilengedwe sangaitsinzinire.

M'khitchini, chosankha chimatengera ntchito imene ikufunika. Batala ali ndi mafuta pafupifupi 80 pa 100 alionse, pamene majarini wofewa wa m'kontena nthawi zina amakhala theka madzi, n'chifukwa chake amapakika bwino pa buledi koma amaliritsa wophika masikono. Mayi amene amafikisa mafuta ozizira mu ufa ndi nsonga za zala, mofulumira, kufikira ufawo utasanduka timibulu, amafuna kuti timibuluto tisungunukire mu uvuni n'kusiya timipata tofewetsa sikono; akathira wofewa uja, ufa umanyowa nthawi isanakwane ndipo sikono amatuluka wolimba. Ntchito yotere imafuna majarini wolimba wokulungidwa m'pepala, wopanda mkaka. Mafuta a kokonati angathandize, koma amasungunuka kutentha kukangofika madigiri 24, ndiye kuti m'mwezi wa Okutobala ku Chikwawa amakhala madzi tsiku lonse. Keke ndi chigumu sizivuta, pakuti mafuta ophikira wamba amakwanira, bola athiridwe ocheperako kusiyana ndi muyeso wa batala.

Za chopaka pa buledi, ife a kuno tili ndi mwayi umene a ku London amaugula ndi ndalama zambiri. Dokotala John Harvey Kellogg wa mpingo wa Seventh-day Adventist, mpingo umene unakhazikika ku Malamulo mu 1902, ankalimbikitsa odwala ake ku Battle Creek, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1890 kudya mtedza wopera m'malo mwa batala. Koma agogo athu sanadikire dokotala kuti adziwe kukazinga mtedza, kuupukusa, kuupeta ndi kuusinja mumtondo mpaka mafuta atatuluka n'kukhala chiponde, kapena kutendera chisoso ndi futali ndi nsinjiro. Peyala lakupsa la ku Thyolo kapena ku Mulanje, lofinyidwa ndi supuni n'kuwaza kamchere, limagona pa buledi mofewa, ndipo mafuta ake ndi amtundu umene madokotala amauvomereza.

Chenjezo lilipo ngakhale pa chiponde. Cha kuchipatala chija, chimene amapatsa ana onyentchera, chili ndi mkaka wa ufa, ndipo ndi mankhwala a anawo. Cha m'sitolo china amathiramo shuga ndi mafuta oumitsidwa. Choopsa koposa ndi chuku, chimene chimamera mu mtedza wosauma bwino kapena wonyowetsedwa pouswa, ndipo poizoni wake, amene amawononga chiwindi, satha ndi kukazinga. Wosinja yekha ayambe wayala mtedzawo pa lichero, nataya uliwonse wofota, wosweka, wakuda kapena wowawa, asanauike pamoto.