Kumasulira ziganizo za Chingerezi zosonyeza kuyenera m'nthawi yakale

Alembi ndi omasulira ambiri amagwiritsa ntchito mawu akuti "adayenera" paliponse pamene Chingerezi chikusonyeza kuti munthu adali ndi udindo kapena adakakamizika kuchita chinthu. Chizolowezichi chimasokoneza tanthauzo, pakuti Chingerezi chili ndi njira zingapo zonenera zimenezi, ndipo njira iliyonse imauza wowerenga ngati chinthucho chidachitika kapena ayi.

Mneni wothandiza must sasinthika kukhala wa nthawi yakale. M'malo mwake Chingerezi chimagwiritsa ntchito had to. Mbiri ya boma la Ntcheu ikupereka chitsanzo chabwino. M'chaka cha 1953 Inkosi Gomani II ya ku Lizulu idatsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo boma la atsamunda litalamula kuti ichotsedwe m'dera lake, idathawira ku Mozambique. Onani ziganizo zitatu izi:

1. Gomani had to flee.
2. Gomani should have fled.
3. Gomani must have fled.

Chiganizo choyamba chikusonyeza kuti Inkosi idathawadi chifukwa padalibe kuchitira mwina. Kumasulira koyenera ndi kwakuti, "Gomani adakakamizika kuthawa." Chachiwiri chikunena kuti kuthawa kukadakhala kwanzeru koma sikudachitike, choncho chimasuliridwe kuti, "Gomani akadayenera kuthawa, koma sadathawe." Mphatikiri -kada-, kapena -kana-, ndiye amasonyeza kuti ntchitoyo sidachitike. Chachitatu sichikunena za chikakamizo konse. Wolankhula akungoganizira potengera umboni umene ali nawo, ndipo Chichewa chake ndi, "Ayenera kuti Gomani adathawa."

Mlembi wa buku la mbiri akamasulira ziganizo zonse zitatuzi kuti "Gomani adayenera kuthawa", ophunzira sangadziwe ngati Inkosi idawoloka malire kapena idakhalabe ku Lizulu.

Ziganizo zokana nazo zimafuna kusamala. Mawu akuti did not have to amatanthauza kuti padalibe chokakamiza, ndipo kawirikawiri munthuyo sadachite chinthucho. Koma need not have amatanthauza kuti adachita ngakhale kudali kosafunika. Chiganizo chakuti The farmer need not have carried the potatoes to Tsangano chikutanthauza kuti mlimi adasenzadi mbatata mpaka kumsikako, koma adangodzivutitsa. Wolemba anganene kuti, "Mlimi adasenza mbatata kupita nayo ku Tsangano, chonsecho padalibe chifukwa."

Aphunzitsi akulangizidwa kuti pophunzitsa phunziroli aziyamba afunsa ophunzira kuti, "Kodi ntchitoyo idachitika?" Yankho likapezeka, mawu a Chichewa oyenera savuta kusankha. Akonzi a mabuku ndi nyuzipepala nawonso azifunsa funso lomweli nthawi zonse akapeza mawu akuti "adayenera" m'nkhani yomasuliridwa, asanaivomereze kuti isindikizidwe.